Malo a pafupi ndi sipika

Pamsika wa ku Milange pali mkulu wina wogula nandolo ndi chimanga amene amalonda anzake anazolowera kumulankhula atamuyang'ana kumaso. Ukamuitanira kumbuyo satembenuka. Alendo amayesa matama, koma ndi makutu. Anawamaliza yekha, pang'onopang'ono, akusangalala.

Chikondi chake pa gitala chinayambira kothawa nkhondo. Mu 1986, asilikali a Renamo atalanda tauni ya Milange, anthu ambirimbiri anawoloka malire pa Muloza n'kukakhala ku Mulanje, iye ali kamnyamata. Pa wailesi ya MBC pankalira banjo ya Allan Namoko, ndipo makolo ake ankaikonda chifukwa inkawakumbutsa kwawo. Koma mnyamatayo mtima unapita kwina. Pa Limbuli panali wogulitsa makaseti amene ankaliza Paul Ngozi ndi WITCH a ku Zambia, nthawi zina Dire Straits ndi Eric Clapton, ndipo iye ankatha masana onse ali chiimire pakhonde kumvera gitala yamagetsi ikulira ngati ikufuna kulankhula. Mu 1989 Clapton anadzaimba pa bwalo la Machava ku Maputo, m'dziko lake lomwe, iye n'kungomva mbiri ali pamsasa wopanda ndi nsapato zomwe. Ndimaganiza kuti njala yake inachokera pamenepo.

Mtendere utabwera mu 1992 anabwerera kwawo, anagula njinga, n'kuyamba kuwolotsa matumba. Ndalama zitayamba kumudziwa, bandi iliyonse yobwera ndi magitala mbali ya Mulanje inkamupeza atafika kale. Zembani ya Lucius Banda anaitsata. Chikumbutso cha Evison Matafale ku Chileka, mwezi wa November, chinali ngati ulendo wa kumudzi. Ankadandaula kuti oimba a masiku ano amangodina kompyuta, ndipo pamenepa ndimagwirizana naye pang'ono: woimba akakhala ndi anthu asanu pambuyo pake, aliyense thukuta lili kamukamu pa chida chake, nyimbo imakhala ndi moyo wina.

Vuto silinali mabandiwo. Linali malo amene ankaima. Anzake ankavina pakati pa bwalo, iye ankapita kutsogolo kwenikweni, n'kutsamira mulu wa masipika. Ankati nyimbo yeniyeni uziimva m'nthiti, malaya azinjenjemera. Kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba khutu lamanzere lili pa sipika.

Pobwerera m'bandakucha makutu ankalira ngati mwalowa nyenje, mawu a anthu n'kumamveka patali. Pofika Lolemba zinkatha. Iye ankaseka, n'kumati umenewo ndiwo umboni woti dansi inali yamoto.

Chimene sankadziwa n'chakuti m'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika kokhala ndi timaselo tosakwana 20,000, tokhala ndi titsitsi pamwamba, ndipo n'timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso likachuluka timaseloti timafooka, ndiye kulira kuja. Tikapuma tina timadzuka, tina timafa, ndipo takufato sitiphukanso, kaya munthu amwe mankhwala otani. Akatswiri amayeza phokoso ndi madesibelo. Pa 85, munthu angakhalepo maola 8 pa tsiku. Koma akangowonjezerapo atatu okha, nthawiyo imadulidwa pakati, moti pa 100 zimatsala mphindi 15. Zoimbaimba zambiri zimafika pa 100 pomwepo, ndipo pakamwa pa sipika pamaposa. Mkuluyu ankakhalapo usiku wonse.

Tsiku lina bandi ina inaimba pamalo ena kufupi ndi malire, woimba n'kuyandikitsa maikolofoni ku sipika, chida n'kukuwa mokweza mwadzidzidzi. Anthu anagwira makutu n'kuseka. Iye anamva ngati wina wamubaya. Lolemba linafika, nyenje ija sinachoke. Sabata inatha, mwezi unatha.

Poyamba anayesa malungo, popeza ankakumbukira kuti kwinini naye amaliza makutu. Kenako anatokosa ndi nthenga ya nkhuku, anadonthezamo mafuta. Achibale ena ananong'ona za anthu anjiru pamsika, ndipo ndalama zingapo zinatsalira kwa sing'anga. Mkazi wake yekha ndiye ananena poyera: "Bambo ake, palibe wakulodzani. Mwadzilodza nokha ndi zisipika zanuzo." Iye anayankha kuti, "Mwati chiyani mayi?" Ndipo sankachita nthabwala.

Ugonthi wobwera ndi phokoso uli ndi nkhanza yakeyake, chifukwa umayamba ndi mawu ang'onoang'ono okwera. Munthu amamva kuti wina akulankhula, koma mawuwo sagwirika, makamaka pagulu. Pamalonda a kumalire, pamene mtengo umatchulidwa m'makwacha kenako m'mametikali, Chichewa chikusakanikirana ndi Chilomwe ndi Chipwitikizi, munthu wotere amalipira kawiri. Anayamba kuvomera mitengo imene sanaimve bwino pochita manyazi kufunsanso. Pamsewu wopita ku Muloza njinga yamoto inatsala pang'ono kumugunda, woyendetsayo akulumbira kuti anaimba belu katatu. Ndiye gitala ija, imene imakwera pamwamba penipeni woimba akafika pachimake, inali yoyamba kuzimirira. Akaika nyimbo zake zakale amamva ng'oma ndi besi basi, pamene pankalira gitala pali nyenje.

Mwana wake wamkazi ndiye anamukakamiza kupita ku Blantyre, popeza kwa anthu a ku Milange n'kufupi kuposa ku Quelimane, ndipo pa chipatala cha Queen Elizabeth pali gawo loyeza makutu. Anamuuza zimene mkazi wake ananena kale, kungoti iwo anajambula papepala: khutu lamanzere linawonongeka kwambiri kuposa lamanja. Kachipangizo kothandiza kumva kangakweze mawu otsalawo, koma sikabweza zimene zinapita.

Oimba amene ankawasirira nawonso anadutsa momwemo. Pete Townshend wa The Who wakhala akuvutika ndi kulira kwa makutu kwa zaka zambiri. Brian Johnson wa AC/DC anasiya ulendo woimba pakati mu 2016 madokotala atamuchenjeza kuti agonthera tu. Clapton yemweyo ananena mu 2018 kuti makutu ake akutha. Iwowo ali ndi ndalama zogulira zipangizo zapamwamba. Wogula nandolo alibe.

Chondipweteka n'chakuti sankafunika kusiya zoimbaimba. Pabwalo lapanja, ukatalikira sipika kawiri kuposa pamene unali, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6, ndipo nyimbo imamveka bwino pakati pa bwalo, pamene amakhala wosakaniza mawu. Totsekera m'makutu ta siponji, timene amavala ogwira ntchito m'mafakitale, mtengo wake ndi wochepa kuposa wa pakhomo. Thonje silithandiza kwenikweni. Kutuluka panja mphindi zingapo bandi ikapuma kumapatsa makutu mpata.

Masiku ano malonda amachita ndi mphwake, amene amaima pambali pake pasikelo n'kumabwereza mtengo mokweza: "Amalume, akuti muwonjezere!" Mphwakeyo amalandira gawo lake pa thumba lililonse.