Tsamba ndilo khitchini ya chimanga chanu

Alimi anzanga, ambiri timati mbewu zimadya dothi. Kodi n'zoona?

M'zaka za m'ma 1600, katswiri wina dzina lake Jan Baptist van Helmont anabzala kamtengo mumphika nkumangokathirira madzi. Patatha zaka 5, mtengowo unali utaonjezera makilogalamu pafupifupi 74, koma dothi linangochepa ndi magalamu osakwana 60. Thupi la mtengowo silinachoke m'dothi ayi.

Chinsinsi chili m'masamba. Tsamba lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso momwe mumalowa mpweya wa kaboni dayokosaidi. Mizu imatumiza madzi. Ndiye muli chinthu chobiriwira chotchedwa kulorofilo, chimene chimakola kuwala kwa dzuwa. Ndi mphamvu ya kuwalako, tsamba limaphwanya madzi nkutulutsa okosijeni amene timapuma, kenaka limapanga shuga kuchokera ku kaboni dayokosaidi uja. Ntchito imeneyi akatswiri amaitcha photosynthesis.

Shugayo ndiye amamanga phesi ndi mizu. Chimanga chikatulutsa ngayaye ndi ndevu, shuga wambiri amapita ku chisononkho nkusanduka ufa wa m'njere. Nsima imene mudzadye chaka chino ikuphikidwa m'masamba lero.

Nanga mlimi achitepo chiyani?

Choyamba, musathyole masamba aawisi kapena kudula nsonga za chimanga kuti mudyetse ziweto njere zisanakhwime. Tsamba la pa chisononkho ndi masamba a pamwamba pake ndiwo amadzaza njere kwambiri. Mukawachotsa, mudzakolola mphwephwa.

Chachiwiri, palirani msanga, makamaka m'masabata 6 oyambirira. Udzu umaphimba mbewu zazing'ono ndi kuzilanda madzi ndi chakudya.

Chachitatu, yang'anani mtundu wa masamba. Kulorofilo sapangika popanda nayitirojeni. Masamba a m'munsi akayamba chikasu kuchokera kunsonga kutsata msana wa tsamba, mbewu ikusowa nayitirojeni. Thirani manyowa okwanira kapena feteleza monga Urea pa nthawi yake.

Chachinayi, sungani chinyezi. Kukauma, timabowo tija timatseka ndipo khitchini imazima ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mizere yotsata akalozera ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi zimathandiza kuti madzi asathawe.

Dzuwa ndi mpweya sitigula, alimi anzanga. Chathu ndi kusamala tsamba kuti likhale lobiriwira kufikira njere zitakhwima. Ngati pali chovuta, onanani ndi alangizi a m'dera lanu.