KODI MUNTHU AKAFA WATHA?

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Chiweta, m'boma la Rumphi, pamene mphepo ya mwera inagubuduza bwato la msodzi wina wa m'mudzi mwathu. Mtembo wake unapezeka patatha masiku atatu. Usiku wa maliro, amayi akuimba m'nyumba ya siwa, ife amuna tinazungulira moto panja. Pamotopo panabuka mkangano umene unandichititsa manyazi, ndipo ndi umene wandilembetsa phunziro lino.

Anauyamba ndi msuweni wanga amene akuphunzira sayansi ku yunivesite. Iye anati munthu ndi thupi ndi ubongo basi, ndipo ubongo ukaima munthu wazima ngati nyali yotha mafuta. Asibweni, monga timatchulira amalume kwathu, amapemphera mpingo wina. Iwo anati akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu kufikira tsiku lomaliza. Mkulu wina anawatsutsa onse awiri, nati akufa amayenda pakati pathu, amabwera kumaloto, ndipo akakwiya amadwalitsa. Kenaka onse anatembenukira kwa ine nati, “Nanga inu abambo mfumu a mawa, mukutipo chiyani?” Ndinangoti kakasi. Zaka zitatu ku seminale, koma mawu anandithera.

M'mawa mwake agogo anga aakazi anandiitana pakhonde. Anandikumbutsa za sitima ya Vipya imene inamira pa 30 July 1946, ikuchokera ku Mbamba Bay, kufupi ndi gombe lomwe azungu ankalitcha Florence Bay, m'dera lathu lomwe lino. Anthu 145 anafa tsikulo, ndipo mmodzi mwa iwo anali bambo wao. Agogo anali kamtsikana. “Mzukulu wanga,” iwo anatero, “adada alibe manda. Sindinaponyepo dothi pa iwo. Iwe ukuphunzira za Mulungu, tandiuza, ali kuti?”

Nditabwerera ku seminale ndinafunsa bambo mfumu otitsogolera pa moyo wauzimu, ndipo anandionetsa mabuku oti ndiwerenge. Zimene ndapeza ndi izi.

1. Sikelo ndi chipatala

Poyamba ndinkafuna umboni wogwirika woti ndikamutsekere nawo pakamwa msuweni uja. Ndinakhumudwa. M'chaka cha 1907 dokotala wina wa ku America, Duncan MacDougall, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wake, momwe anaika pa sikelo odwala 6 amene anali pafupi kutsirizika. Mmodzi anapepuka ndi magalamu 21 atangomwalira, ndipo mbiri inawanda yoti mzimu umalemera motero. Koma zotsatira za odwala enawo sizinagwirizane, choncho akatswiri sanazivomere.

Palinso nkhani za anthu amene mtima wao unaima, natsitsimuka, nkumafotokoza kuti anaona kuwala kapena anadziona ali pamwamba pa thupi lao. M'chaka cha 2014 Dr Sam Parnia ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa anthu 2,060 amene mtima unawaimira m'zipatala 15 za ku Britain, America ndi Austria. Anaika zithunzi pa mashelefu apamwamba, zoti munthu angazione ali kudenga kokha. Ena mwa opulumukawo anafotokozadi zodabwitsa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe anatchula zithunzizo. Nzoona kuti ambiri anagwera m'zipinda zopanda mashelefuwo, motero kafukufukuyu sanatsimikize mbali iliyonse. Tikumbukirenso kuti anthuwa anabwerera, kusonyeza kuti imfa yeniyeni anali asanaidutse.

Apa ndinaphunzira kuti Mkhristu asamange chikhulupiriro chake pa nkhani zoterezi. Chinthu cholemera magalamu ndi thupi, si mzimu. Sikelo ya pa msika wa usipa singakuuze kulemera kwa chilungamo, koma chilungamo chilipo ndithu.

2. Kodi munthu ndi ubongo wokha?

Mfundo ya msuweni wanga si yachibwana. Iye anatchula Phineas Gage, wogwira ntchito yomanga njanji ku America, amene m'chaka cha 1848 chitsulo chinamuboola mutu. Sanafe, koma amene ankamudziwa anati khalidwe lake linasintha. Ifenso timaona mowa ukusokoneza nzeru za munthu, ndi ukalamba ukuiwalitsa gogo maina a ana ake. Kodi izi sizikusonyeza kuti maganizo ndi ntchito ya ubongo basi?

Ndinadabwa kuona kuti Eklezia satsutsa zoti ubongo ukavulala maganizo amasokonekera. Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene anamwalira m'chaka cha 1274, anaphunzitsa kuti mzimu si mlendo wogona m'thupi ngati m'nyumba ya lendi. Mzimu ndi umene umachititsa thupi kukhala munthu wamoyo, ndipo ziwirizi zimapanga munthu mmodzi. Ng'oma ikang'ambika, ngakhale katswiri aiombe, imalira moipa. Fanizoli ndi loperewera, popeza mzimu ndi thupi nzolumikizana kuposa ng'oma ndi woiomba, komabe likutithandiza kuona kuti kuwonongeka kwa chida sikutsimikiza kuti woomba kulibe.

Tomasi anapitiriza kunena kuti nzeru za munthu zimagwira zinthu zopanda thupi. Maso anga amaona nsomba zisanu ndi ziwiri, koma nzeru zanga zimamvetsa nambala 7, imene siwola ndipo sikhala pa malo amodzi. Galu amaopa ndodo, koma munthu amadzitsutsa yekha mumtima pa tchimo limene palibe analiona. Ngati munthu amachita ntchito zoposa za thupi, mwa iye muli china choposa thupi, ndipo chopanda ziwalo sichiphwasuka monga thupi liphwasukira.

Kwathu ku Chiweta kuli akasupe a madzi otentha, oti sungaviikemo dzanja. Aphunzitsi a jogalafe anatiuza kuti madzi a mvula amalowa pansi kudzera m'ming'alu ya chigwa chachikulu momwe muli nyanja yathu, natenthedwa ndi miyala ya pansi penipeni, nabwereranso kumtunda. Palibe wa m'mudzi mwathu anaionapo miyalayo, koma kutentha kwa madzi kumatiuza kuti ilipo. Chomwechonso chikumbumtima, ufulu wosankha ndi ludzu la choonadi ndi kutentha kotiuza za mzimu. Msuweni wanga angayankhe kuti miyala ija akatswiri angaikumbe, pomwe mzimu sangaukumbe. Ndikuvomera. Nzeru zimatifikitsa pa gombe, koma kuoloka kwake nkofuna mawu a Mulungu.

3. Kodi akufa ali m'tulo?

Asibweni anatsamira pa Mlaliki 9:5, pamene mlembi akudandaula kuti akufa alibe chimene adziwa. Vesili lilimodi m'Buku Loyera. Koma buku lomwelo pa 12:7 likuphunzitsa kuti thupi limabwerera kudothi pamene mzimu umabwerera kwa Mulungu mwini wake. Mulungu anawaululira Aisraele za moyo wosatha pang'onopang'ono, monga mayi ayambira ndi phala asanampatse mwana nsima. Pofika nthawi ya Yuda Makabeo, Ayuda anasonkha ndalama zoperekera nsembe chifukwa cha asilikali ofera ku nkhondo (2 Amakabeo 12:43-45). Munthu sapempherera amene kulibe.

Mkangano wa pa moto uja unalipo ngakhale m'masiku a Ambuye Yesu. Asaduki ankakana kuuka kwa akufa. Yesu anawayankha kuti Mulungu anadzitchula kwa Mose ndi maina a Abrahamu, Isaki ndi Yakobe, anthu amene anali atamwalira kalekale, ndipo sakanatero iwo akadakhala kuti anatheratu (Marko 12:18-27). Pa mtanda analonjeza chigawenga cholapa chija kuti akhala nacho m'Paradizo tsiku lomwelo, osati patapita zaka zikwi (Luka 23:43).

N'chifukwa chake Papa Benedikto XII m'chaka cha 1336 anaphunzitsa kuti mizimu yoyeretsedwa imaona Mulungu chiweruzo chomaliza chisanafike, ndipo Msonkhano wachisanu wa ku Laterano m'chaka cha 1513 unatsimikiza kuti mzimu wa munthu aliyense sufa. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa m'chaka cha 1992 akubwereza zomwezi pa ndime 366 ndi 1022. Komabe asibweni ali ndi mfundo imodzi imene ife Akatolika timaiiwala kawirikawiri: chiyembekezo chathu sichithera pa mzimu. Lamulungu lililonse pa Misa timavomereza kuuka kwa akufa. Paulo Woyera pa 1 Akorinto 15 akumanga zonse pa kuuka kwa Khristu, ndipo akunenetsa kuti Khristuyo akadapanda kuuka, kukhulupirira kwathu kukadakhala kopanda pake.

4. Nanga mizimu ya makolo?

Mkulu uja sanalakwe zonse. Makolo athu, Uthenga Wabwino usanafike, ankadziwa kale kuti kuli Chiuta ndi kuti imfa sidula ubale. Pamenepa anali pafupi ndi choonadi kuposa ophunzira ambiri. Pamene tikusiyana nawo ndi pa mantha. Eklezia amaphunzitsa kuti akufa ali m'manja mwa Mulungu, sayendayenda kufuna nsembe za ufa kapena mowa. Kuitana mizimu ndi kuombeza nkoletsedwa, monga ikunenera ndime 2116 ya Katekisimu. Ubale wathu ndi iwo umadzera mwa Khristu. Oyera a kumwamba amatipempherera, ndipo ife timapempherera amene akuyeretsedwa ku Purigatoriyo, makamaka pa 2 November ndi mwezi wonsewo.

5. Yankho kwa agogo

Pa tchuthi cha Khrisimasi ndikakhala nawo pakhonde paja. Sindikawanamiza kuti ndikudziwa chiweruzo chimene bambo wao analandira, pakuti ichi ndi chinsinsi cha Mulungu yekha. Ndikawauza kuti nyanja inalandira thupi lokha, ndipo ngakhale kumpoto kuno ndi yozama mamita pafupifupi 700 pamalo pena, siingabise munthu kwa amene anailenga. Ndikawawerengera Chivumbulutso 20:13, pamene Yohane akuona nyanja ikubweza akufa ake. Ndapemphanso bambo mfumu kuti apereke Misa chifukwa cha agogo aakuluwo pamodzi ndi anthu onse a m'sitima ya Vipya ndi msodzi uja.

Msuweni wanga sindikuganiza kuti ndikamutembenuza, ndipo sindikakangana naye mwaukali. Mafunso ake andithandiza kuposa mmene iye akudziwira.

Anzanga aseminale, ena mwa ife Mulungu akalola tidzaima pa manda kambirimbiri, titavala zofiirira, mayi wamasiye akutiyang'ana kumaso. Iye adzadziwa ngati tikungowerenga buku kapena tikukhulupirira zimene tikunena. Tisadikire tsikulo kuti tiyambe kuganiza. Inunso makolo, mwana akakufunsani za imfa musamukalipire kuti ndi mwano. Safunsa anadya phula.

Mafunso oti tikambirane m'magulu

1. Kodi mungamuyankhe bwanji mnzanu wonena kuti sakhulupirira chinthu chimene sanachione?
2. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kupempherera akufa ndi kuthira nsembe kwa mizimu?
3. Ndi miyambo iti ya maliro kwanu imene ikugwirizana ndi chiyembekezo cha kuuka kwa akufa?

Wolemba ndi mseminale wa Folomu 3