Mikangano ya masipesa a matayala: kuyeza kuyambe, ndalama pambuyo

Amalonda a ku Chiosya onyamula soya ndi mtedza pa mapikapu amadziwa mmene misewu yafumbi imavutitsira matayala. Ena amaoda masipesa a aluminiyamu kwa amisiri osema zitsulo pa makina, kuti rimu ikhale bwino pa galimoto. Mkangano umabuka tayala likayamba kugwedezeka: mmisiri amaloza msewu, mwini galimoto amaloza ntchito.

Magwero ake amakhala awiri. Loyamba ndi miyeso. Pa Toyota Hilux ya mabawuti 6, mabowo amazungulira pa mamilimita 139.7, ndipo bowo lapakati ndi 106.1. Bowolo likakula, tayala silikhala pakati, mabawuti amamasuka kapena kuthyoka galimoto itasenza matumba. Lachiwiri ndi chitsulo. Aluminiyamu wosungunula kuchokera ku zidutswa, ngati wa mapoto, amakhala ndi timibulu ta mpweya mkati ndipo amasweka msanga kusiyana ndi wa 6061-T6.

Wamalonda wochenjera amalembetsa miyeso ndi mtundu wa chitsulo pa lisiti, amalipira theka, ndipo amayeza ndi veniya asanamalize ndalama. Mmisiri akakana kukonza, lisitiyo ndi umboni ku bungwe la CFTC kapena kubwalo la majisitireti ku Mchinji.