Mphaka wanga wasiya kamwana kamodzi pozizira

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Dedza. Tili ndi mphaka wamkazi amene tinamutenga kuti azitigwirira makoswe m'chipinda chosungira chimanga, koma pano anasanduka wa m'banja mwathu. Masiku atatu apitawa waswa koyamba, ana anayi, kuseri kwa matumba. Atatu ndi ojintcha ndipo akuyamwa bwino. Kamodzi n'kakang'ono kwambiri, ndipo nthawi zonse ndikumakapeza katagona patali ndi anzake. Dzulo make anasamutsira atatu aja pansi pa bedi, kameneka n'kukasiya pasimenti. Ndikakapititsa kwa iye amangokanunkhiza n'kuyang'ana kumbali. Poyamba kamalira kwambiri, koma lero kakungoyasamula popanda mawu, ndipo thupi lake lazizira. Ndinayesa kukamwetsa mkaka wa ng'ombe ndi supuni, wina n'kutulukira m'mphuno.

Aneba akuti make wakakana chifukwa mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anakagwira. Apongozi anga akuti ndikataye, mphaka amadziwa mwana amene sadzakula. Mwana wangayo sakudya, akungolira kuti iyeyo ndiye wapha kamphaka. Kodi kangapulumuke? Ndichite chiyani?

Wodandaula, Dedza

Mayi,

Nkhani ngati iyi siyembekezera tsiku lotuluka nyuzi, n'chifukwa chake ndinakuyankhani mwachidule pa foni uthenga wanu utangofika. Pano ndalemba zonse mwatsatanetsatane, kuti inu mukhale ndi poyang'ana ndiponso kuti ena oweta amphaka adziwiretu.

Musakataye, ndipo musathamangire kukamwetsa. Choyamba kafunditseni. Kamphaka kongobadwa kumene sikatha kudzitenthetsa kokha kwa milungu itatu yoyambirira. Kamadalira thupi la make ndi la abale ake. Kakatalikirana nawo kamayamba kuzizira, kakazizira kamasowa mphamvu yoyamwa, kakaleka kuyamwa shuga wa m'thupi amatsika, ndipo kamazizira koposa poyamba. Mphaka wamkazi amasamalira mwana amene akuyenda-yenda, akulira ndiponso akufunda. Wozizira ndi wongoti zii amamulambalala, makamaka ngati waswa koyamba monga wanuyu. Nthawi zambiri chimene timachitcha kukana mwana chimakhala chimenechi, ndipo kamphaka kakafunda n'kuyambanso kulira make amakalandira. Simenti ya ku Dedza m'nyengo yozizira ino ingathe kupha kamphaka kabwinobwino usiku umodzi wokha.

Katengeni mukaike pachifuwa panu, khungu ndi khungu, mukafunditse ndi chitenje, mutu wake uli poti kazipuma bwino. Muzikasisita pang'onopang'ono ndi chala. Kafunde mwapang'onopang'ono kwa ola lathunthu, chifukwa kukatenthetsa mwadzidzidzi kumakavulaza. Musakayandikize ku mbaula kapena pamoto: sikatha kuthawa kutentha kukakula, ndipo utsi wa makala m'chipinda chotseka ndi woopsa kwa iko ndi kwa inu nomwe. Pokonza pogona, tengani katoni, yalanimo nsalu zouma, muikemo botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, koma musiye mbali ina yopanda botolo kuti kakamva kutentha kazitha kusuntha. Katoniyo isakhale pasimenti. Ikani thumba kapena thabwa pansi pake. Madzi a m'botolo muzisintha akayamba kuzizira, usiku womwe. Sabata yoyamba mkati mwa katoni muzifunda pafupifupi madigiri 30.

Pamene mukukafunditsa, sungunulani shuga pang'ono m'madzi ofunda owiritsa, muviike chala, mupake pa nkhama zake. Kadontho kamodzi kapena tiwiri n'kokwanira, ndipo mungabwereze pakapita mphindi zingapo ngati kakadali lefu. Musathire madziwo kukhosi. Kamphaka kozizira sikameza bwino ndipo m'mimba mwake simugaya chakudya, choncho mkaka uliwonse womwe mungakapatse kasanafunde ungowola m'mimba kapena kulowa m'mapapo. Mudzadziwa kuti kakonzeka m'kamwa mwake mukafunda, kakayamba kuphiriphitha, ndiponso kakamayamwa nsonga ya chala chanu.

Kakafika pamenepo, mankhwala oposa onse ndi bere la make. Khalani pansi pafupi ndi mphakayo mwakachetechete, inu nokha amene anakuzolowerani. Atatu ojintcha aja muwaike kaye m'katoni yofunda kwa kanthawi. Finyani pang'ono bere limodzi la chakumiyendo yakumbuyo, poti amenewo ndiwo amakhala ndi mkaka wambiri, mpaka kadontho kaoneke, ndiye mugunditse kukamwa kwa kamphakako. Kagwirizeni kayamwe mpaka kasiye kokha. Mukakapukuta ndi nsalu imene make ndi abale ake amagonapo, fungo la pachisa limabwerera pathupi pake. Chitani zimenezi maola awiri alionse. Make akayamba kukanyambita, dziwani kuti zayamba kuyenda. Koma akamakalumira mano kapena kukakankha mwaukali, musamukakamize. Kachotseni, mudzayesenso nthawi ina muli pomwepo.

Ngati kakulephera kuyamwa kapena make wakanitsitsa, ntchito yatsala m'manja mwanu. Mkaka wa ng'ombe usiyeni. Poyerekeza ndi wa mphaka ndi wosakwanira pa zomanga thupi ndi mafuta, ndipo umatsegula timphaka m'mimba, chimene chimapha msanga kanthu kakang'ono chonchi. Phala, tiyi ndi ufa woyeretsera tiyi ndiye musayese n'komwe. Woyenera ndi mkaka wa ufa wopangidwira timphaka, monga KMR kapena Royal Canin Babycat Milk. Funsani kwa madokotala a ziweto kapena m'masitolo ogulitsa zakudya za agalu ndi amphaka mumzinda. Podikira kuti upezeke, wiritsani kapu imodzi ya mkaka wa mbuzi, uzizire mpaka ungofunda, musakanizemo kachikasu ka dzira limodzi, choyera chija ayi. Umenewu ndi wongogwirizira tsiku limodzi kapena awiri. Ngati mulibe firiji, musausunge nthawi yaitali; muzikonza wina watsopano.

Supuni ija muileke. Gulani sirinji yaing'ono ku famase, muchotse singano, muziitsuka ndi madzi owira nthawi iliyonse. Kamphaka kagone chafufumimba pa nsalu, mutu utadzuka pang'ono, monga momwe kamagonera poyamwa kwa make. Musakagoneke chagada m'manja, chifukwa mkaka umalowera njira ya mpweya n'kuyambitsa chibayo. Yesani mkakawo padzanja panu kuti ndi wongofunda, ndiye muzidontheza kadontho kamodzi pa lilime, kameze, kenaka kena. Mimba ya kamphaka imalandira pafupifupi mamililita 4 pa magalamu 100 alionse a thupi lake, ndipo supuni ya tiyi ndi mamililita 5. Kanu n'kofooka, choncho yambani ndi mililita imodzi, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka awiri kapena atatu. Kamwetseni maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku. Tulo muchepetsa ndithu masabata awiri oyambawa, ndiye gawanani ndi wina wamkulu pakhomopo.

Za mkaka umene unatuluka m'mphuno, mwina unangochuluka pa supuni. Komabe tengani tochi, mukayasamulitse mofatsa, muyang'ane kumwamba kwa m'kamwa. Mukaona mng'alu, ndiye kuti kanabadwa nako chilema chimene chimalepheretsa kuyamwa, ndipo pamenepo mpofunika dokotala. Muzimvetseranso kapumidwe kake masiku awiri akubwerawa. Kupuma movutikira, mothamanga kapena mwaphokoso ndi chizindikiro choti mkaka unafika m'mapapo.

Pali ntchito ina imene ambiri saidziwa. Kamphaka sikakodza kapena kuchita chimbudzi kokha mpaka katakwana milungu itatu kapena inayi. Make ndiye amakachititsa pokanyambita kumunsi. Ngati iye sakutero, mukatha kukamwetsa tengani thonje kapena kansalu kofewa, muviike m'madzi ofunda, musisite mofatsa pansi pa mchira mpaka kakodze. Mkodzo ukhale woyererako. Ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Mukatha kapukuteni kaume, poti kakanyowa kazizira msanga. Yang'ananinso pamchombo: pakafiira, kutupa kapena kutuluka mafinya, majeremusi alowa.

Maso amanama, sikelo sinama. Pezani kasikelo ka kukhitchini koyeza magalamu, muzikayeza nthawi yofanana tsiku lililonse n'kulemba m'kope. Kamphaka kathanzi kamabadwa ndi magalamu pafupifupi 100 ndipo kamawonjezera 10 mpaka 15 patsiku. Kanu kakamawonjezera ngakhale pang'ono, muli panjira yabwino. Kakaima kapena kutsika kwa tsiku lathunthu, musadikire.

Musaiwale make. Mugwireni mawere onse: bere lotupa, lolimba, lotentha kapena lofiira limapweteka, ndipo mphaka womva ululu amathawa ana. Ngati sakudya, thupi latentha, kapena kumaliseche kukutuluka zonunkha, ameneyo akudwala ndipo atatu enawo nawonso ali pangozi. Mphaka woyamwitsa amadya kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa masiku onse, ndipo nsima yokha simukwanira poti iye ndi wodya nyama. Mupatseni usipa kapena matemba ophika opanda mchere wambiri, mazira owiritsa, nyama, ndi madzi abwino pafupi ndi pogona pake. Ndiwo zokhala ndi anyezi musamupatse, anyezi amawononga magazi a mphaka. Kusamuka kwake kupita pansi pa bedi kukusonyeza kuti kuseri kwa matumba kuja kunali kozizira kapena kunkapita anthu pafupipafupi. Musiyeni pamene wasankhapo, mumuyalire nsalu, ana asamasuzumire kawirikawiri, agalu asalowe.

Nthata nazo zimapha timphaka poyamwa magazi; nkhama zikayererako m'malo mofiirira, kayang'aneni m'ubweya. Zichotseni ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono kapena ndi zala. Mankhwala ophera tizilombo m'nyumba, a m'munda, a dibi kapena a agalu asakhudze kamphaka kapena make. Ndipo chonde, Panado ndi mankhwala ena alionse a parasitamo ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale kachidutswa kochepa. Musapereke mankhwala a anthu popanda mawu a dokotala wa ziweto.

Kakafunda koma osayamwabe, kakamatsegula m'mimba, kakatupa mimba, kakamapuma movutikira kapena kulira kosalekeza, pitani nako kwa a vetenale tsiku lomwelo, kali m'katoni yake ndi botolo lofunda. Yambani ndi ofesi ya zaziweto ya pa boma kapena mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA lomwe lili ndi chipatala cha ziweto, ndipo a ku Blantyre ali ndi BSPCA. Ngati n'kotheka mutengenso make kuti amupime.

Tsopano za mwana wanu, zomwe zandikhudza kwambiri m'kalatayi. Mukhale naye pansi mumuuze momveka kuti iye sanalakwe. Mphaka wapakhomo amene amadziwa fungo la eni ake sataya mwana chifukwa choti wagwiridwa. Kamphakaka kanabadwa kochepa, anzake amphamvu amakakankha pa bere, kenaka kuzizira kunakapeza. Mupatseni mwanayo ntchito yake: aziwerenga sikelo ndi kulemba m'kope, azikukumbutsani nthawi yomwetsa, azisamba m'manja asanakagwire ndiponso akatha. Mwana amene wapatsidwa chochita amasiya kudziimba mlandu, ndipo chifundo chimene wasonyezachi n'chofunika kuchilera, osati kuchizimitsa.

Apongozi anu musawanyoze. Aona zambiri, ndipo n'zoona kuti mphaka nthawi zina amasiya mwana amene ali ndi vuto la m'kati lomwe ife sitingalione. Auzeni mwaulemu kuti mwamva, koma mukufuna muyese kaye masiku ochepa. Kukataya kali moyo kuti kafe ndi chisanu kapena kadyedwe ndi agalu, mwana akuona, si chinthu choti chichitike pakhomo panu. Ngati dokotala ataona kuti palibe chiyembekezo, iye ali ndi njira yokagonekera kosamva ululu.

Sindikulonjezani kuti kachira. Timphaka tina timafa m'masiku oyambirira ngakhale titasamalidwa ndi akatswiri, ndipo mwana wanu mumukonzekeretse zimenezi mofatsa. Zikatero, mukakwirire bwinobwino pamodzi naye, mumulole alire, ndipo mumuuze kuti munachita zonse zimene munthu akanatha. Koma ambiri mwa ana osiyidwa chifukwa cha kuzizira amadzuka akathandizidwa msanga. Kakapyola sabata yoyamba kakunenepa, mudzaona maso akutseguka pakati pa masiku 7 ndi 14, ndipo pa milungu inayi kadzayamba kunyambita chakudya chofewa m'mbale.

Pomaliza, mphaka wanuyo angathe kutenganso bere akadali kuyamwitsa, ndipo bere la mphaka limangotenga pafupifupi masiku 65. Ana akaleka kuyamwa, kambiranani ndi dokotala za opaleshoni yomutseka kuti asamaswe chaka chonse n'kutha mphamvu. Timphakato tikakwana miyezi itatu tikabayitseni katemera wa chiwewe, make yemwe. Mundilembere sabata yamawa, mundiuze manambala a m'kope la mwana wanu, tione pamodzi ngati mlingo wa mkaka ukufunika kusintha.

Azakhali