Phunziro: Nyumba yanuyanu kapena ya lendi?

Abale ndi alongo, nyumba yanuyanu imapatsa mtendere. Mwezi ukatha simuopa alandilodi, ngakhale usipa utavuta. Nyumba imene mukukhalamo simuiperekera zakaat, ndipo mukamwalira imakhala mirathi ya banja lanu.

Koma nyumba siyenda. Nsomba zikasamukira ku Makanjira, msodzi wa lendi amangonyamula ukonde n'kuzitsatira, inu mtima uli pa malata odontha oti mukonze nokha. Onetsetsaninso pomwe mukumanga: mu 2024 nyanja itadzaza, madzi analowa m'nyumba zambiri za m'mphepete ku Mangochi.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri n'choti ena amamalizitsa nyumba ndi katapila, pomwe imeneyo ndi riba, yoletsedwa. Bola kuumba njerwa mukakolola mpunga, malata mudzagule chaka chamawa, Insha Allah.