PHUNZIRO LA AMAI: KUSANKHA NSALU YA PANSI POSOKA CHOFUNDA CHA ZIGAMBA

Miyezi ya June ndi July ikafika, chisanu chimatsika m'mapiri a Thambani ndi a ku Neno, ndipo m'nyumba zambiri za kuno ku Mwanza ana atatu amalimbirana gombeza limodzi usiku wonse. Bulangete la m'sitolo lili ndi mtengo wake, ndipo si banja lililonse lingathe kugulira mwana aliyense lakelake. Komatu pa makonde a masitolo, kuyambira pa Boma kufikira kumalire, atelala amasesa tsiku ndi tsiku tizidutswa totsala ta zitenje, ta mayunifolomu a sukulu ndi ta makapulana olowera ku Zobue. Tizidutswa timeneti, tikalumikizidwa mwanzeru, timasanduka chofunda chotha zaka zambiri. Lero tiphunzire za chinthu chimodzi chimene osoka ambiri amachinyozera chifukwa sichioneka ndi maso, ndicho nsalu ya pansi.

1. Nchito ya nsalu ya pansi

Tizidutswa ta kwa telala timakhala topapatiza, tina tatitali, tina tatifupi, todulidwa mosatsata ulusi wa nsalu. Mukatisokera pamodzi tokhatokha, kena kamatamuka, kena kamakoka, ndipo chofunda chimatuluka chokhota ngati chikopa chouma padzuwa. Chifukwa chake timayamba tadula nsalu ina m'zigamba za mbali zinai zofanana, kuti ikhale maziko. Pa chigamba chilichonse timagoneka kachidutswa koyamba mopingasa, kuchokera pa ngodya ina kufikira pa ngodya inzake, maluwa ake akuyang'ana kumwamba. Kachiwiri timakabvundikira pamwamba pa koyambako, nkusoka m'mphepete kuti singano iboole nsalu zonse zitatu. Tikatero timakatembenuza, nkusita, nkuonjezanso kena, kufikira chigamba chonse chitakwiririka.

Msokedwe umenewu amaudziwanso kutali. Ku America, pa zaka za umphawi waukulu za m'ma 1930, amai ankasokera tizidutswa totere pa manyuzipepala akale ndi pa matumba a ufa, amene masiku amenewo anali a nsalu ya thonje. Amai akuda a m'mudzi wa Gee's Bend ku Alabama, zidzukulu za akapolo, ankasoka zofunda ndi zobvala zakutha za kumunda pofuna kuteteza ana ao ku chisanu. Ndipo m'chaka cha 2002 zofunda zaozo zinaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York. Tsono pasakhale wina wochita manyazi ndi nchito ya zigamba.

2. Mayeso anai

Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Chofunda chingakongole motani pamwamba, ngati nsalu ya pansi ili yoipa, nchito ya miyezi iwiri idzaonongeka pa kuchapa koyamba. Musanadule nsalu iliyonse, muiyese motere.

Choyamba, kodi idzafupika? Nsalu yatsopano ya thonje ikalowa m'madzi nthawi yoyamba imatha kufupika ndi mainchesi 3 kapena 5 pa mainchesi 100 alionse. Ikafupika ili kale pansi pa tizidutswa, pamwamba ponse pamachita makwinya amene simbi singawathetse. Muichape ndi madzi otentha, muiyanike, muisite, ndipo pamenepo ndiye muidule.

Chachiwiri, kodi imatamuka? Muigwire ndi manja awiri, muikoke m'litali ndi m'lifupi. Ikatamuka ngati mpira, siyenera. Dziwaninso kuti nsalu iliyonse yoluka imatamuka mukaikoka mopingasa. Kotero podula zigamba muzitsata ulusi wa nsaluyo.

Chachitatu, kodi imatulutsa mtundu? Munyowetse kansonga kake, mukatikite pa kansalu koyera. Kakadetsedwa, dziwani kuti mtunduwo udzalowerera m'tizidutswa tanu toyera. Ngakhale nsalu yosatulutsa mtundu, ikakhala yakuda kapena ya maluwa akuluakulu, imaonekera kupyola m'tizidutswa topyapyala.

Chachinai, kodi ikali ndi mphamvu? Muikweze, muiyang'anitse kudzuwa. Pamene kuwala kukudutsa kwambiri, pamenepo nsalu yadyeka. Muyesenso kung'amba pang'ono m'mphepete: ikang'ambika mosalimbalimba, yafumbwa, ndipo siingagwire msoko.

3. Zoyenera ndi zosayenera

Yoposa zonse ndiyo nsalu yoyala pabedi yakale, ya thonje, yoyera kapena yotuwa, monga zija zipezeka pa kaunjika. Inachapidwa kambirimbiri, kotero siidzafupikanso; ili yopepuka, ndipo singano imalowa mosabvuta. Pakati pake ndi pamene pamayamba kutha, choncho mudule zigamba zanu cha m'mbali.

Chitenje chakale chosuluka chimagwiranso nchito bwino, makamaka tizidutswa tanu tikakhala ta mitundu yakuda. Mupewe malo amene chinadyeka ndi kuberekera mwana kapena kukhalira pansi.

Mukakayika ngati nsalu ili ya thonje, musolole ulusi pang'ono, muuyatse ndi machesi kunja kwa nyumba. Thonje limapsa ndi fungo la pepala, nkusiya phulusa lofewa. Nsalu za mtundu wa nailoni zimasungunuka, nkusiya kambulu kolimba. Zoterezi zimaterera posoka, ndipo simbi ya makala ikatentha kwambiri imaziboola.

Pepala, monga nyuzipepala kapena masamba a makope akale, limathandiza amene ali ndi makina. Silitamuka konse, ndipo pakutha pa kusoka mumalichotsa, chofunda nkukhala chopepuka, chosachedwa kuuma. Muchepetse mapazi a makina kuti singano iboole pafupipafupi. Potero pepala lidzang'ambika lokha motsata msoko. Inki ya nyuzipepala yatsopano imadetsa, choncho musankhe yakale. Koma amene asoka pamanja asiye pepala, pakuti polichotsa adzamasula msoko wao. Ndiponso chofunda cha nyengo yachisanu chimafuna nsalu ya pansi yokhalira momwemo, popeza imaonjeza kufunda.

Zosayenera nazi. Masikipa ndi majuzi amatamuka. Nsalu ya jinzi ndi ya tenti imalemera, imathyola singano, ndipo chofunda chake chikanyowa mai mmodzi sangachifinye. Matumba a feteleza ndi a chimanga a masiku ano ndi a pulasitiki, osiyana ndi matumba a thonje aja a ku America: amayoyoka m'mphepete, amasungunuka ndi simbi, amakanda thupi, ndipo ena amakhala ndi mankhwala ophera anankafumbwe amene sayenera kukhudza khungu la mwana. Masikito naonso musawadule ai. Ananyikidwa m'mankhwala, ndipo anaperekedwa kuti ateteze banja ku malungo. Kuchotsa masikito pabedi kuti mupeze chofunda ndiko kuthawa chisanu nkukagwa m'manja mwa udzudzu.

Lamulo lina lalikulu ndi ili: chofunda chimodzi, mtundu umodzi wa nsalu ya pansi. Mukasakaniza yatsopano ndi yakale, yolemera ndi yopepuka, zigamba zina zidzafupika, zina ai, ndipo misoko idzayamba kuphulika pamene zakumanirana.

4. Miyeso

Mudule kachikatoni ka mainchesi 11 mbali zonse zinai, kakhale muyeso wanu. Nsalu ya pansi imakokeka pang'ono ndi misoko yambiri ija, chifukwa chake timaidula mokulirapo. Chigamba chikadzaza, muchitembenuze, muchisite, muchichepetse chikhale mainchesi 10 ndi theka. Polumikiza zigamba, msoko umadya kota ya inchesi mbali iliyonse, ndipo patsala mainchesi 10.

Zigamba 48, zoyalidwa 6 m'lifupi ndi 8 m'litali, zimapanga chofunda cha mainchesi 60 kwa 80, chokwanira munthu wamkulu kapena ana awiri. Chitenje chimodzi cha mamita 2 chimatulutsa zigamba zoposa 24 chikakhala chamoyo ponseponse. Tsono zitenje ziwiri zikwanira, koma zikakhala zodyeka mukonzeretu zitatu. Pomaliza muike nsalu ina yathunthu kumbuyo yobisa misoko, ndipo ngati muli ndi bulangete lakutha muliike pakati, mumange mfundo za ulusi wolimba pa ngodya ya chigamba chilichonse.

Inu atsogoleri a magulu a amai ndi a m'miphakati, musayembekeze chisanu kuti muyambe. Mupemphe atelala akusungireni zotsala zao m'thumba, mugawane zigamba, ndipo nsalu ya pansi muidule tsiku limodzi ndi muyeso umodzi. Amai 12 akasoka zigamba 4 aliyense, chofunda chatha, ndipo agogo kapena mwana wamasiye wa m'mudzi mwanu agona tulo chaka chino. Tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha.

Mafunso okambirana pa msonkhano

(a) Chifukwa ninji sitisokera tizidutswa pamodzi popanda nsalu ya pansi?
(b) Tchulani mayeso anai oyesera nsalu musanaidule.
(c) Kodi pepala liyenera yani, ndipo siliyenera yani?
(d) Mufuna zigamba zingati kuti musoke chofunda cha mwana cha mainchesi 40 kwa 50?
(e) Ndani m'mudzi mwanu amene ayenera kulandira chofunda choyamba?