Kupalasa njinga m'mbali mwa Canal du Midi

Funso: Ine ndi mayi akunyumba tikufuna kukapalasa njinga ku France, koma magalimoto amatiopsa. Kodi kuli njira yafumbi yodutsa m'minda ya mpesa komwe sitingalimbane nawo?

Yankho: Ilipo, bambo. Tsatani ngalande ya Canal du Midi, yomwe inatsegulidwa mu 1681, yotalika makilomita 240 kuchokera ku Toulouse. Mudzayenda m'kanjira komwe kale ankadutsa mahatchi pokoka mabwato, choncho zitunda n'zochepa. Minda ya mpesa yachuluka pakati pa Carcassonne ndi Béziers, komatu kumeneko njira ili ndi mizu ndi miyala m'malo ena, ndipo mvula ikagwa kumaterera. Njinga zanu zikhale za matayala onenepa. Chonde musapite mu Julaye kapena Ogasiti: mitengo yambiri ya mthunzi inadulidwa chifukwa cha matenda, ndiye dzuwa limaswa mtengo. Pitani mu Meyi kapena Seputembala.